Kodi magazi angatiuze kuti dera lonse likumwa mowa wochuluka bwanji?

Nambewe_Chanco

Moni nonse apa gulu, makamaka inu a zachipatala ndi a ku labu ndithandizeni maganizo. Ndine wophunzira pa Chanco pano ndipo pulojekiti yanga yomaliza ndikufuna ikhale ya kamwedwe ka mowa mmadera ozungulira tauni yathu ino ya Zomba, Chinamwali, Chikanda, Mpondabwino, mwinanso mpaka ku Thondwe ndalama zikalola. Njira yomwe aliyense amaidziwa ndi yoyenda khomo ndi khomo ndi fomu ya mafunso, koma tonse tikudziwa mmene timayankhira Amalawife nkhani ikakhala ya mowa, munthu maso ali psuu fungo likukupeza uli kunja kwa mpanda koma ukamufunsa akuti aaa ine ndimangolawa pa Khirisimasi basi. Azimayi ndiye osanena, aliyense ndi wa mvano kapena wa dawa, chonsecho kachasu amene akutchezedwa mmakomomu sagona, amatha tsiku lomwelo. Nanga akumwa ndani?

Ndiye ndamva zoti mmaiko ena sadalira za pakamwa zokha, amatenga magazi kwa anthu ambirimbiri nkuyeza ma enzaimu a chiwindi, ina yake akuti GGT, kenako nkuyerekeza kuti dera limenelo likumwa motani. Kodi zimenezi nzoona ndipo zimathandizadi? Cholinga changa sikugwira munthu mmodzi kuti iwe ndiwe chidakwa ayi, ndikungofuna kudziwa za dera lonse, mwachitsanzo kuti a mtauni ndi a kumudzi akumwa kwambiri ndani. Komanso kuno kwathu zingatheke? A supavaiza anga angondiuza kuti kafufuze kaye usanayambe kulemba bajeti kkk.

WaLabu_ZA

Achemwali funso ndi labwino koma ndiyamba ndi kukukhumudwitsani pang'ono. GGT siyeza mowa, imaonetsa kuti chiwindi chikuvutika ndi chinachake. Dzina lake lonse ndi gamma-glutamyl transferase, imapezeka yambiri mmaselo a chiwindi ndi mtimitsempha tonyamula ndulu, ndiye munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo chiwindi chimayamba kupanga yambiri ina nkumalowa mmagazi, ndi imeneyo ife timaiona pa makina. Akasiya kumwa imatsika pang'onopang'ono, pakatha masabata awiri kapena atatu imakhala yatsika ndi theka, mwezi umodzi kapena iwiri yabwerera mmalo mwake ngati chiwindicho sichinaonongeke kale.

Vuto lake GGT ili ngati galu wouwa usiku, wauwa inde koma sakuuza ngati waona wakuba, fisi kapena akungouwa mwezi. Kunenepa kumaikweza, mafuta akakuta chiwindi imakwera ngakhale munthuyo sanalaweko mowa chibadwire. Shuga amaikweza. Mankhwala a khunyu aja, phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine, amaikweza kwambiri ndipo anthu akumwa amenewa mmidzimu ndi ambiri. Ndiye pali hepatitis B, katemera wake wa ana anayamba mu 2002 kuno ku Malawi kutanthauza kuti akuluakulu amene anabadwa chisanafike chaka chimenecho sanabaidwe ali makanda, ena ali nako kachilomboka osadziwa. Muwonjezerepo likodzo la mmatumbo lija limene limaumitsa chiwindi, malungo, chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, ndi mankhwala azitsamba ena amene anthu amamwa mma botolo a malita awiri osadziwa muli chani. Zonsezi chiwindi chimalandira chokha, ndipo pa pepala la ma rizati zimaoneka chimodzimodzi ndi za munthu wa pa bawa.

Mbali inayo ndi yoti pali anthu akumwa zedi koma GGT yawo ili bwinobwino, makamaka achinyamata osafika zaka 30, komanso aja omwa pa mapeto a mwezi okha, wapapira Lachisanu mpaka Lamulungu kenako masabata atatu ali phee kudikira malipiro ena. Enzaimu imeneyi imamva kamwedwe kosalekeza, kamwedwe kodumphadumpha siikagwira bwino. Ndiye mukaganiza za anzanu a pa Chikandapo, ndi gulu lenilenilo limene GGT ingakunamizeni kuti ndi angelo.

Pali ma enzaimu ena awiri amene timayeza limodzi tikamaona za chiwindi, AST ndi ALT. Madokotala amayang'ana kuti AST ikaposa ALT kawiri kapena kupitirira amakaikira mowa, chifukwa matenda ena ambiri a chiwindi amakweza ALT kuposa AST. Koma izi zimaoneka chiwindi chitavulala kale, si za munthu wongomwa. Komanso AST ilinso mminofu, munthu wa kabaza amene wapalasa tsiku lonse kukwera zitunda za Zombazi kapena woswa miyala AST yake itha kukwera popanda dontho la mowa. Ndiye palinso MCV imene imatuluka pa full blood count, iyi si enzaimu, ndi kukula kwa maselo ofiira, omwa kwambiri maselo awo amakula ndipo zimatenga miyezi itatu kapena inayi kuti zibwerere poti selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120. Koma kuno anthu ambiri makamaka amayi ali ndi vuto lochepa ayironi lomwe limachepetsa maselowo, ndiye chimodzi chikukoka uku china uko, MCV nkutuluka yabwinobwino.

Za kutheka, makina oyeza GGT si achilendo, chipatala chachikulu chilichonse ndi ma labu apulaiveti amatha bola mankhwala oyezera akhalepo. Chovuta ndi msewu. Magazi ake ndi a pamtsempha osati a pachala, afunika apukusidwe pa centrifuge tsiku lomwelo, akhale pozizira, ndipo akagwedezeka kwambiri kapena kutenthedwa maselo ofiira nkusweka AST imakwera yokha mu chubu. Taganizani sampulo yochokera ku Kachulu mwezi wa Okotobala ili mu kabokosi kumbuyo kwa njinga yamoto.

Madala_a_pa_Jali

Kkkkk mwana wanga iwe, ndiye mwafika poti mutiyeze magazi kuti mutigwire bodza? Ine ndimamwa ndipo sindibisa, koma ndikuuze chilungamo, ambiri amene mumati akunama sakunama, ndi mafunso anu amene ali opotoka. Amabwera anyamata atavala ma jekete a bungwe, tabuleti mmanja, nkundifunsa kuti bambo mumamwa mabotolo angati pa sabata. Mabotolo ake ati? Ife masese timamwera chipanda chimodzi anthu asanu chikuzungulira, wina amakoka kwambiri wina amangonyowetsa milomo, ndiwerenga bwanji zanga? Kachasu timagula wa velemoti kapena wa ndalama imene uli nayo mthumba, mayi wogulitsa amangothira ndi diso. Ndipo kachasu si mmodzi, woyamba kudontha uja timati mutu amayaka ukamuyandikiza moto, wotsiriza amakhala madzi okhaokha, ena amasakaniza. Ngakhale chibuku chenichenicho cha lero ndi chimene chagona masiku atatu mu paketi si chimodzi, chimapitiriza kuwira, wakumwa aliyense amadziwa kusankha paketi yotupa.

Ndiye ukandifunsa za mabotolo ine ndiganiza za Green, ndipo Green ndimamwadi pa Khirisimasi mwana akabwera kuchokera ku Lilongwe, ndakunamiza pati?

Chinanso mumafunsa munthu mkazi wake ali pompo akusenda nandolo, apongozi ali pa mkeka, mwinanso amene akukulondolerani mmudzimo ndi mkulu wa mpingo. Ukuganiza ndinena?

Za magazizo samala nazo. Sunaiwale za 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, mphekesera za anamapopa zija anthu anaphedwa, mabungwe anathawa kusiya ntchito. Ku Jali kuno ndi kufupi ndi ku Phalombe, nkhani zimayenda pa njinga tsiku la msika. Munthu kupita yekha ku chipatala kukapereka mkono ndi zina, koma mlendo kufika pakhomo ndi majakisoni ndi timabotolo uku akuti tikufuna tione ngati mumamwa, aaa. Uyambe wakhala pansi ndi a gulupu, a mfumu ndi alangizi a zaumoyo amene anthu amawadziwa nkhope, apo bii udzathamanga kusiya nsapato.

Kalembera_wakale

Madala mwalasa, ndibwereranso kwa inu. Koma ndikufuna nditsutsane pang'ono ndi achimwene a ku labu, chifukwa iwo ayankha ngati akuyang'ana wodwala mmodzi pomwe a Nambewe afunsa za gulu. Ndinagwirako ntchito zoyenda mmidzi ndi mafomu zaka zambiri ndiye mbali iyi ndimaikonda.

Chida chimene chimalakwitsa pa munthu mmodzi chitha kuthandizabe pa anthu 2,000. Wina GGT yakwera chifukwa cha mankhwala, wina ndi chidakwa koma yake siinakwere, mukaphatikiza onse zolakwika zina zimafafanizana, ndipo zimadziwika bwino kuti gulu limene limamwa kwambiri GGT yake yapakati imakhala yokwererapo. Azungu a kumpoto kwa Ulaya anazichita kalekale. Ku Malmö mdziko la Sweden mzaka za mma 1970 anaitana azibambo a zaka zapakati mu mzindamo kudzayezetsa, nkusankha amene GGT yawo inali pamwamba kwambiri, ena mwa iwo ankawaitana pafupipafupi kuwayezanso ndi kuwaonetsa nambala yawo uku akuwalangiza kuti achepetse. Zotsatira zinatuluka mu 1983, dokotala wake Hans Kristenson, ndipo gulu lolangizidwalo linkajomba ku ntchito mochepa komanso kugonekedwa mchipatala mochepa poyerekeza ndi linalo. Ku Tromsø ku Norway nakonso anayeza GGT kwa anthu masauzande, anapeza kuti imayenda ndi mowa inde, komanso imayenda kwambiri ndi kunenepa, ndipo chodabwitsa omwa khofi wambiri yawo imakhala yotsika.

Apa ndi pamene pali msampha wa funso lanu achemwali. Zolakwika zimafafanizana pokhapokha ngati zamwazikana mofanana mmagulu onse. Inu mukufuna kufananiza tauni ndi kumudzi. Mtauni muli anthu onenepa ambiri ndi a shuga ambiri, kunyanja ya Chilwa kuli mavuto ake a chiwindi osiyana ndi a ku Matawale, kwina kuli anthu ambiri a pa mankhwala. Mukapeza kuti GGT ya mtauni ndi yokwera simudziwa ngati mwayeza mowa kapena mwayeza mimba za mabwana. Ndiye aliyense amene mwamutenga magazi mufunika mumuyezenso sikelo ndi msinkhu, mulembe zaka, mwamuna kapena mkazi, fodya, mankhwala onse amene akumwa, hepatitis B, kuti pa kompyuta muzithe kuchotsa mphamvu ya zimenezi. Bajeti ija yayamba kale kufufuma. Komanso musadzagwiritse avereji wamba, anthu atatu okha a GGT ya mahandiredi amakoka avereji ya mudzi wonse, tengani median, nambala ya munthu amene ali pakatikati mukawandandalika onse, kapena muwerenge kuti ndi angati pa 100 alionse amene adutsa mulingo.

Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino GGT siidzakuuzani kuti Chinamwali imamwa malita mwakuti pa chaka. Palibe masamu osinthira nambala imeneyo kukhala malita. Chimene ingachite ndi kukuuzani kuti gulu ili likuoneka lomwa kuposa ilo, kapena kuti anthu omwewa chaka chino asintha poyerekeza ndi zaka zitatu zapitazo, ndipo kwa ine ntchito yachiwiriyi ndi imene ili ya nzeru chifukwa anthu ake ndi omwewo, matupi omwewo. Mwachitsanzo pamene boma linaletsa mowa wa mmasacheti, kapena pamene ndondomeko ya dziko ya mowa inakhazikitsidwa mu 2017, pakanakhala gulu limene linayezedwa kale nkudzaliyezanso pambuyo pake bwenzi tili ndi poyambira kukambirana ngati anthu anachepetsadi kapena anangosamukira ku kachasu.

Chifukwa chimene nkhaniyi ilili yofunika kuno kuposa ku Sweden ndi ichi. Kumaiko kumene mowa pafupifupi wonse umadutsa mu shopu ndi kukhomeredwa msonkho, boma limadziwa malita amene agulitsidwa, ndipo akafananiza ndi zimene anthu anena pa mafomu amapeza kuti anthu avomera mwina theka lokha, kawirikawiri pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Ndiye iwo ali ndi pokaonera kukula kwa bodza. Ife a MRA amaona za ku fakitale zokha, Castel, Chibuku ndi ma spirit a mmabotolo, koma mgolo wa mayi wa ku Songani sulowa mbuku la aliyense. A WHO amautcha mowa wosalembedwa ndipo mmaiko ngati athu ndi gawo lalikulu. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 ndi 2017 anabaya anthu pachala kuyeza shuga ndi cholesterol, koma za mowa zinali zofunsa pakamwa. Likulu la NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera, lili konkuno ku Zomba, pitani mukacheze nawo za kasankhidwe ka makomo, amenewo ndiye eni ntchito.

Kubwerera kwa madala, WHO imawerenga mowa mmagalamu. Botolo la 330 ml la mowa wa 5 peresenti lili ndi magalamu pafupifupi 13 a mowa weniweni, ndipo amene wafika magalamu 60 pa nthawi imodzi, ndiye kuti mabotolo asanu osakwana bwino, amamuika mgulu la omwa mowirikiza. Mafunso 10 a AUDIT, fomu ya WHO yofunsira za kamwedwe ka mowa, anapangidwa poganiza kuti munthu atha kuwerenga zomwe wamwa mwanjira imeneyi. Popanda wina woyamba wayeza kuti chipanda ndi velemoti zili ndi magalamu angati, fomuyo ikungotola mphepo.

Nesi_Mayi_awiri

Ndangolowa kuchokera ku ntchito ndiye ndiwerenge zonsezi kaye, koma pali chimodzi chachikulu simunachitchule bwino, ma ARV. Zomba ndi limodzi mwa maboma amene anthu a pa mankhwalawa ndi ambiri, mukatenga akuluakulu mwachisawawa mupezamo ndithu ochuluka. Nevirapine ndi efavirenz onse amakweza GGT popanda mowa, efavirenz ndi amene anali mu 5A uja anthu ambiri ankamwa mpaka 2019 pamene tinayamba kuwasinthira ku 13A wa dolutegravir. Ndiye bambo a kalembera, nzeru yanu yoyeza anthu omwewo kawiri ija ikanakupusitsani apa, mukanayeza 2017 nkudzayezanso 2021 mukanaona GGT yatsika nkuyamba kuombera mmanja ndondomeko ya mowa, chonsecho ndi mankhwala amene asintha. AZT nayenso amakulitsa maselo ofiira ndiye MCV ija iwalani kwa amene akumwa ameneyo. A TB osanena, rifampicin, isoniazid ndi pyrazinamide onse amadutsa pa chiwindi ndipo timawayang'anira maso a chikasu pa chifukwa chomwecho.

Ndipo munthu sangakuuzeni pakhomo pake kuti ali pa ma ARV chifukwa choti mwabwera ndi fomu, ena ngakhale amuna awo sadziwa, botolo amabisa mu ufa. Ndiye mwathawa bodza la mowa mwakagwa mu chinsinsi china chachikulu kuposa.

Za kubisa mowa ife timaziona tsiku lililonse ndipo sindiwada anthu ake. Tinawauza tokha poyamba mankhwala kuti mowa ayi, ndiye akabwera kudzatenga ena ukafunsa ayankha chimene akudziwa kuti ukufuna kumva, amaopa kukalipiridwa kapena kuti tiwamana mankhwala, zomwe sitingachite. Choopsa nchoti ena tsiku limene akukamwa amadumphitsa dala piritsi poganiza kuti zikakumana mmimba ziwapha, pomwe kudumphitsako ndiye koipa kwambiri. Ku Mbarara ku Uganda ofufuza a pa yunivesite ya kumeneko pamodzi ndi anzawo a ku San Francisco anayeza anthu a HIV ndi chinthu china chotchedwa PEth, anapeza ambiri ndithu mwa amene ananena kuti sanamwe magazi awo akuonetsa kuti amwa posachedwa. Chimene chinandisangalatsa ine nchoti PEth imatheka ndi timadontho ta magazi a pachala toumitsa pa kapepala, DBS yomweyi timatengera makanda ndi viral load, alangizi athu anaizolowera kale ndipo sifuna fuliji ya pamsewu. A ku labu tafotokozani bwino inu, ine ndimangodziwa pamwamba.

Koma achemwali chonde, mukadzapeza munthu ma enzaimu ake ali pamwamba kwambiri musadzangolemba nambala nkumapita, pakhale njira yomutumizira ku chipatala. Mwina ndi hepatitis B ndipo mankhwala ake alipo.

Nambewe_Chanco

Eee zikomo nonse, mutu wakula kkk. Madala ndamva, sindibwera ndi jakisoni ku Jali. Anesi nkhani ya 5A ndi 13A ija sindikanaiganiza ngakhale pang'ono. Ndiye a WaLabu, PEth imeneyi ndi enzaimu nayonso? Ngati ili yabwino chonchi bwanji aliyense sakungogwiritsa imeneyo nkusiya za GGT? Ndipo ndaona penapake CDT, ndi chimodzimodzi?

WaLabu_ZA

PEth si enzaimu koma imapangidwa ndi enzaimu. Dzina lake ndi phosphatidylethanol. Pa khungu la maselo ofiira pali enzaimu yotchedwa phospholipase D imene masiku onse imagwira ntchito yake ndi madzi, koma mowa ukakhala mmagazi imatenga mowawo mmalo mwa madzi nkupanga PEth, imene imakakamira pa selopo. Popanda mowa thupi silipanga PEth, ndiye kunenepa, efavirenz, hepatitis, mankhwala a khunyu, zonse zija sizingaikweze pazokha. Apa ndiye kusiyana kwake, GGT ikukuuzani za chiwindi pomwe PEth ikukuuzani za mowa weniweniwo. Imaoneka mpaka masabata awiri kapena anayi munthu atasiya, kutengera ndi mmene ankamwera, ndipo ma labu ambiri amatenga 20 ng/mL ngati malire oti munthuyu wamwa ndithu, kupitirira 200 ndiye kumwa kwambiri kosalekeza. Koma nayonso anthu awiri omwa mofanana satulutsa nambala yofanana ndendende, matupi amasiyana kapangidwe ndi kachotsedwe kake.

Chimene aliyense sakuigwiritsira ntchito ndi ndalama basi. Imafuna makina a LC-MS/MS, si makina athu a tsiku ndi tsiku oyezera za chiwindi ndi impso, ndi odula kugula, odula kusamala, amafuna magetsi osaphethira ndi munthu wophunzira bwino. A ku Uganda aja ankatumiza timapepala tawo ku America. Kutulutsa magazi a anthu kunja kwa dziko nakonso si kungoika mu envelopu, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC kapena ya pa sukulu panu, ndi pangano lolembedwa la kasamutsidwe ka ma sampulo, ndipo aliyense wopereka magazi auzidwe momveka mchilankhulo chake kuti mukukayeza mowa, osamunamiza kuti ndi za malungo. Chinanso chaching'ono, ngati munthu wabwera ataledzera mowa udakali mmagazi ndipo chubu chasungidwa molakwika, enzaimu ija imapitiriza kupanga PEth mu chubu momwemo nambala nkukwera mwabodza, kuumitsa pa kapepala msanga kumathandiza kupewa zimenezi.

CDT ndi ina, ndi puloteni yonyamula ayironi yotchedwa transferrin imene imatuluka mchiwindi yopereweza tizidutswa take ta shuga munthu akamamwa kwambiri. Anaitulukira ku Sweden mzaka za mma 1970, dokotala wina wamkazi Helena Stibler. Imafuna munthu azimwa magalamu 50 mpaka 80 tsiku lililonse kwa sabata imodzi kapena awiri kuti ikwere, ndiye womwa pang'ono kapena wa mapeto a mwezi uja siimuona. Mankhwala saisokoneza kwambiri ngati GGT, koma kukhala woyembekezera ndi matenda aakulu a chiwindi zimaisuntha. Ku Ulaya amaigwiritsa ntchito kwa madalaivala olandidwa laisensi chifukwa choyendetsa ataledzera akafuna kuti awabwezere. Ena amaphatikiza GGT ndi CDT mu nambala imodzi ndipo imagwira bwino kuposa iliyonse payokha, koma apanso mtengo.

A kalembera sindikukana zanu za gulu, koma kuno zosokoneza GGT si za apo ndi apo ngati ku Malmö kwa azibambo okhuta a mma 1970, kuno ndi zochuluka moti mukamazichotsa pa kompyuta mutsala ndi chani? Ine nditakhala ndi ndalama zochepa sindingayeze GGT kwa anthu 2,000, bola ndifunse onsewo mafunso abwino kenako ndiyeze PEth kwa kagulu kochepa kosankhidwa mwa mayere pakati pawo, kuti ndione kuti mwa amene anati sindimwa ndi angati magazi akuwatsutsa, amuna padera akazi padera, ndiye nambala imeneyo ndikonzere zotsatira za gulu lonse.

Kalembera_wakale

Pamenepo sinditsutsa, ndipo anesi mwandigwira pa 13A, ndalemba. Ndingowonjeza za nyengo. PEth ikuona masabata ochepa okha a mmbuyo, ndiye mwezi umene mwapita ndi umene mwayeza. Juni ndi Julayi anthu akolola, chimanga chofululira chilipo, ndalama ya fodya ndi nandolo ikuyamba kuoneka, Ogasiti ndi Seputembala zinamwali ndi maukwati, pomwe Febuluwale anthu akusaka ya ufa. Kumadera a Asilamu ambiri monga cha ku Domasi ndi Malosa muonenso kuti Ramadan ikugwa liti. Mukayeza dera lina mu Julayi lina mu Febuluwale mwafananiza miyezi osati madera.

Mmizinda ina ya ku Ulaya, Oslo ndi umodzi, amayeza zotsalira za mowa mmadzi a mu suweji kuti adziwe mzinda wonse wamwa bwanji pa wikendi, osabaya munthu aliyense. Kuno ndi zimbudzi zathu zokumba kaya mungayambire pati kkkk.

Nambewe_Chanco

Kkkk za suweji zokha ayi bambo. Kunena zoona PEth pa thumba la mwana wa sukulu siitheka pokhapokha nditapeza pulojekiti yaikulu yondibereka kumsana, ndikafunsa ku Centre for Social Research ngati pali ina ikubwera ya zaumoyo. Pakadali pano ndikuona ngati ndiyambe ndi zimene madala ananena zija, kugula kachasu ndi masese kwa ogulitsa osiyanasiyana nkukapempha a ku dipatimenti ya chemistry andiyezere mphamvu yake, ndijambulenso zipanda ndi mabotolo enieniwo kuti pofunsa munthu azingoloza chithunzi. Madala, velemoti imakhala ma ml angati?

Madala_a_pa_Jali

Zimatengera botolo limene mayiyo anatola mwana wanga, ena ndi ka botolo ka mankhwala a chifuwa ena ka sosi, ndipo kasitomala wa ngongole samuthirira mofanana ndi wa kashi. Ubwere ndi kapu yako yoyezera ija ya manambala. Ufike Lachisanu chakummawa akamatcheza kuti upeze mutu usanathe, ugule padera mutu padera wosakaniza, ndipo usavale jekete ya bungwe chifukwa akakuona adzathira madzi kapena kubisa mgolo poganiza kuti ndiwe wa khonsolo. Uuze mayiyo kuti ndi za sukulu ndipo dzina lake sulemba. Botolo utseke bwino, kachasu amathawa akakhala pa dzuwa.